Ziro wa Bambo Namaona

Pa kachipatala kena ka ku Bangwe, kamene dzina lake n'kwabwino lisatchulidwe, matenda a sepisisi anatheratu m'mwezi wa Januwale chaka cha 2022. Sanathe chifukwa cha mankhwala atsopano, ndiponso panalibe mpingo umene unasala kudya. Anatha chifukwa bambo Herbert Namaona, mkulu wa anamwino pamalopo, anapita ku maphunziro a masiku atatu ku Lilongwe, nabwerako ndi chikwama chatsopano, malaya olembedwa kumsana, ndi chipepala chachikulu chomata pakhoma.

Amene sanaimvepo nthendayi adziwe kuti imayamba ngati nkhani yaing'ono. Tizilombo timalowa m'thupi kudzera pabala, m'mapapo kapena m'chikhodzodzo, ndipo thupi, polimbana nato, limasokonezeka n'kuyamba kuwononga ziwalo zake zomwe. Munthu amadzuka akudandaula mutu. Pofika mawa lake achibale ali kwa okhoma mabokosi. Kwa zaka zambiri anamwino a pamenepo ankaisaka nthendayi motsatira chipepala chakale, chimene mwa zina chinkati ayang'ane kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa mtima. Choyezera kutentha anali nacho, ndipo mtima ankaumva ndi zala ziwiri padzanja la wodwala. Motero mwezi uliwonse ankapeza anthu ngati makumi atatu, kuwaika dilipi, kuwabaya jekiseni woyamba, ndi kuwatumiza ku chipatala chachikulu m'tauni.

Akatswiri a kunja anaona kuti ukonde wakalewo unkakola aliyense, ngakhale wachimfine amene wangothamangira minibasi. Choncho m'chaka cha 2016 anaitanthauziranso nthendayi, nati dzinalo liziperekedwa pamene ziwalo zayamba kufooka. Anaperekanso zizindikiro zitatu zoti namwino aziona mwachangu pambali pa bedi: kupuma kofika ka 22 pa mphindi imodzi, bipi yotsika mpaka 100, ndi kusokonezeka mutu. Iwo ankati zitatuzi ndi belu lochenjeza. Uthengawo unayenda zaka zisanu ndi chimodzi kuti ufike ku Bangwe, ndipo unasandulika panjira monga umachitira uthenga wopatsirana: bambo Namaona anamva kuti zitatuzi ndi chipata, ndipo wopanda ziwiri mwa izo asalowe m'kaundula wa sepisisi.

Anamata chipepala chatsopanocho pamwamba penipeni pa chakale, nasonkhanitsa antchito onse.

"Tsobola wakale sawawa," anatero, akugogoda khoma ndi cholembera. "Dziko lapita patsogolo. Kuyambira lero ndisaonenso mawu akuti sepisisi pa kalata yotumizira wodwala ngati ziwiri mwa zitatuzi palibe. Sisitere, mwamva?"

"Ndamva, a Inchaji," anayankha Sisitere Zuleikha, mayi amene anali atagwira ntchitoyi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ndi satifiketi imodzi yokha. "Koma odwalawo mwawauza kuti dziko lapita patsogolo?"

Ena anasekera m'manja. Bambo Namaona anakhululuka, pakuti ankadziwa kuti munthu wosapita ku maphunziro amakhala ndi nsanje.

Tsono pali zinthu zimene amadziwa aliyense wogwira ntchito pamalo pamene namwino mmodzi amaona anthu mazana awiri asanadye nkhomaliro, ngakhale sazinena pamaso pa alendo. Kupuma kwa wodwala sikuwerengedwa, pakuti mphindi yathunthu imatalika ana akamalira pamzere. Amangolemba 20, nambala yaulemu, yosakhumudwitsa munthu. Makina a bipi a m'chipinda choonera odwala anatha mabatire chaka chinacho, choncho aliyense wolowa ndi miyendo yake ankapatsidwa 120/80 ngati mphatso. Za mutu ndiye zinali zosavuta konse. Namwino amati, "Muli bwanji?" ndipo munthu woleredwa bwino, ngakhale mzimu wake uli kale pakhomo, amayankha kuti, "Ndili bwino, kaya inu?" Woyankha chotero mutu wake uli m'malo.

Januwale anatha, m'kaundula muli ziro. Febuluwale, ziro. Bambo Namaona, amene ankachita digiri yachiwiri ndipo anali atasowa mutu wa kafukufuku kwa chaka chathunthu, anaona kuti chinthu chagwera m'manja mwawo chokha. Analemba chidule cha zimene anapeza, natumiza ku msonkhano wa anamwino ofufuza umene unkayembekezeka mu Ogasiti. Anawavomera, koma anawauza kuti akaonetse miyezi isanu ndi umodzi yathunthu, kufikira pa 30 Juni. Kuyambira pamenepo ankatsegula laputopu kangapo patsiku kuti aone mzere wawo, wochokera pa makumi atatu n'kugwa ngati mwala m'chitsime, ndipo ankauyang'ana monga abambo ena amayang'anira mwana woyamba. Sanadzifunse chifukwa chake makalata a chibayo choopsa ndi a malungo aakulu anawonjezeka ndi makumi atatu pamwezi, onse olembedwa ndi dzanja la Sisitere Zuleikha. Munthu akakonda yankho amadana ndi mafunso.

Tsiku lomaliza linali Lachinayi, m'mawa wa chiperoni, phiri la Mpingwe losaoneka. Nthawi ili cha m'ma leveni, bambo Namaona anali atauza kale mtima wawo kuti akaweruka akagula suti ku Limbe, pamene chitseko chinatseguka popanda kugogoda. Analowa akazi awo, a Angela, atakolekera mayi awo paphewa. Mayi Evelina, Mkatolika wa ku Nsanje amene anakhala ku Machinjiri zaka zambiri akulima kamunda ka m'mbali mwa phiri, ankakoka mwendo umodzi, atafunda zitenje ziwiri ndi juzi.

"Bambo a Alinane, mayi sali bwino," anatero a Angela. "Usiku wonse kunjenjemera. Sisitere ali kuti?"

"Ali kochira, mayi wina wafika nthawi yake."

"Ndiye aoneni ndinu."

Apa tiyenera kuwamvera chisoni pang'ono bambo Namaona, koma pang'ono pokha. M'zaka khumi ndi zisanu za ukwati anali asanakhalepo mpando woyandikana ndi apongozi awo, asanadyepo nawo mbale imodzi, asanawayang'anepo m'maso. Ankawapatsa moni ali chapatali, atanjuta, maso pansi, ndipo anthu a ku Machinjiri ankawayamikira kuti ngakhale ndi wophunzira, mkamwiniyu mwambo amaudziwa. Kuwerenga kupuma kumafuna kuti namwino ayang'anitsitse chifuwa cha wodwala kwa mphindi yathunthu. Chifuwa cha apongozi! Bambo Namaona anasuntha mpando wawo mpaka unagunda kabati ya mafayilo, napinda bondo limodzi, nayang'ana kalendala ya pakhoma.

"Muli bwanji, amayi?"

"Ndili... bwino... kaya inu?"

Mawu aliwonse ankatuluka paokha, ngati munthu wokwera chitunda atasenza nkhuni. Bambo Namaona anamva mawuwo, mipata ya pakati pake sanaimve. Analemba kuti mutu uli m'malo. Analemba 20. Anayang'ana makina a bipi amene anali pamwamba pa kabati atavala fumbi, nakumbukira kuti mayiwo alowa ndi miyendo yawo, ngakhale theka la thupi linali pa mwana wawo, nalemba 120/80. Choyezera kutentha anapatsa akazi awo kuti aike okha m'khwapa. Chinaonetsa 39 ndi theka. Magazi a pachala anakana malungo.

"Ndi chimfine cha nyengo ino," anagamula. "Panado, madzi ambiri, ndi kufunda. Pa zitatu zija alibe n'chimodzi chomwe."

"Zitatu ziti?"

"Simungazimvetse, mayi a Alinane. Ndi sayansi."

"M'mawa uno anditchula kuti Chisoni. Chisoni, mkulu wanga uja, tinamuika m'manda ndili fomu thu."

"Akuluakulu amasokoneza mayina. Inenso amandiitana kuti aujeni."

"Amakuitanani aujeni mwadala," anatero a Angela. "Mwendo mwauona?"

Mwendo unali mkati mwa zitenje ziwiri, ndipo bambo Namaona akanasankha kulowetsa dzanja m'funkha la njoka kusiyana n'kukweza chitenje cha apongozi. Anali akuyamba kufotokoza kuti mwendo suli pa chipepala pamene Sisitere Zuleikha analowa akupukuta m'manja, apuloni ikadali m'chiuno. Anaima pakhomo, nayang'ana mayi Evelina, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Awa afika liti?"

"Ndawaona kale, Sisitere."

"Mwawaona, kapena mwaona kalendala?"

Sanadikire yankho. Anagwada pamaso pa wodwalayo, namasula kawotchi ka pachifuwa, nawerenga kupuma kwake mphindi yathunthu, mphindi yaitali kuposa zonse zimene bambo Namaona anakhalapo ndi moyo.

"Sate thu," anatero Sisitere. "Angela, thamanga kochira, pathebulo pali makina a bipi opopa ndi manja. Bwera nawo."

Makinawo anaonetsa 86. Sisitere anakweza zitenje mosapempha chilolezo kwa aliyense, ndipo fungo linadzaza chipinda. Pamsongolo panali bala la khasu la sabata yapita, lomangidwa ndi kansanza, mwendo wonse utatupa mpaka m'bondo, wonyezimira ngati biringanya.

"Amayi," anatero Sisitere mokweza, "lero ndi lachingati?"

"Lamulungu."

"Nanga awa avala zoyerawa ndi ndani?"

Kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi ndi zisanu, mayi Evelina anayang'ana mkamwini wawo m'maso. Anaona chovala choyera chofika m'mawondo, nachita chizindikiro cha mtanda.

"Bambo mfumu," anatero, "ndidalitseni, ndachimwa. Ndili ndi mkamwini... sindimukonda. Amayankhula ngati wailesi. Mwana wanga ndinamuuza kuti akwatiwe ndi Jailosi wa matabwa..."

"Amayi, khalani chete!" anatero a Angela.

"Alekeni alape," anatero Sisitere, akufunafuna mtsempha padzanja la mayiwo. "A Inchaji, zitatu zanu zija zakwana zonse. Sayansi yavomera. Ndipatseni dilipi, ndipo muimbire ambulansi."

Bambo Namaona anapereka dilipi. Anaimbira ambulansi. Zimenezi tizinene, pakuti ngakhale munthu wopusa ali ndi ufulu woti zabwino zake zilembedwe. Koma pamene Sisitere, atabaya jekiseni, anatenga kalata yotumizira wodwala ndi kuyamba kulemba, bamboyo anaona chilembo choyamba, ndipo mtima wawo unagwa. Anawakokera pambali, pafupi ndi sinki.

"Sisitere, tamverani. Mankhwala alandira. Ambulansi ikubwera. Dzina la matenda lisintha chiyani? Lembani kuti bala lanyeka."

"Bala lanyeka?"

"Si bodza. Bala lilipo. Lero ndi tsiku lomaliza, Sisitere. Kwatsala maola asanu okha. Akanabwera mawa ndikanalemba ndekha, ndi zilembo zazikulu."

"Ndiwauze abwerere ku Machinjiri, abwere mawa?"

"Musandiseke. Miyezi isanu ndi umodzi! Inunso dzina lanu lili pa tsamba lothokoza."

Sisitere Zuleikha anatsitsa mawu, koma osati kwambiri.

"Miyezi isanu ndi umodzi ndakhala ndikulemba chibayo pa anthu opanda chifuwa, ndi malungo pa anthu amene magazi awo akana, kenaka n'kumaimbira mnzanga wa ku chipatala cha m'tauni ndi mayunitsi anga kuti, 'Amene akubwerayo musakhulupirire kalata, muoneni msanga.' Lero mnzangayo ali pa tchuthi. Ndikalemba bala, akawakhazika pabenchi pamodzi ndi othyoka zala mpaka madzulo. Ndikalemba sepisisi, akawalowetsa nthawi yomweyo. Mawuwo ndi amene amatsegula chitseko, a Inchaji. Inu mwawasandutsa chokongoletsera laputopu."

Anamaliza kulemba, nawapatsa cholembera, pakuti kalatayo inkafuna siginecha ya mkulu. Bambo Namaona anayang'ana mawuwo. Anayang'ana laputopu yawo. Atatembenuka anapeza akazi awo ataima kumbuyo kwawo, botolo la dilipi lili m'mwamba m'dzanja limodzi, ndipo zinali zoonekeratu kuti amva zonse.

"Herbert," anatero a Angela. Dzinalo anali asanalitchulepo pagulu chikwatiranireni. "Saina."

Anasaina.

Mayi Evelina anakhala m'chipatala chachikulu milungu itatu. Mwendo unapulumuka, ngakhale madokotala anachotsako mnofu wambiri, ndipo mmodzi mwa iwo anauza a Angela kuti akanachedwa theka la tsiku nkhani ikanakhala ina. A Angela anakagona pansi pa bedi la mayi awo milungu yonseyo, ndipo atatuluka anapitirira nawo ku Machinjiri, nakhala komweko. Anthu ankati akudwazika matenda. Katundu amene anatumiza kuti akatengedwe ku Bangwe anali wochuluka kuposa wa munthu wodwazika.

Wina angaganize kuti apa bambo Namaona anagwada ndi kusinkhasinkha. Anasinkhasinkhadi, masiku awiri, ndipo tsiku lachitatu kuunika kunawafikira. Malamulo a kafukufuku, anakumbukira, safuna kuti wofufuza akondere. Kodi pali kukondera koposa kuika wachibale pakati pa anthu amene ukuwafufuza? Anatsegula laputopu, nawonjezera mzere umodzi pa mndandanda wa osayenera kuwerengedwa: achibale a wofufuza. Apongozi anatuluka m'kafukufuku mwakachetechete, ziro anabwerera pamalo pake, ndipo suti inagulidwa.

Msonkhano unachitikira m'holo ya hotela ina ku Lilongwe. Bambo Namaona anayankhula mphindi khumi ndi zisanu, ndipo tinene zoona, anayankhula bwino. Pamene mzere wogwa m'chitsime uja unaoneka pakhoma, ena anaomba m'manja. Kenaka wapampando anapempha mafunso, ndipo kumbuyo kunaimirira mayi wina wamng'ono thupi, namwino wa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, atagwira kope.

"Zikomo, bambo Namaona. Ndili ndi mafunso awiri aang'ono. Pa tebulo lanu lachitatu ndaona kuti mwa odwala otentha thupi mazana asanu ndi atatu, onse ankapuma ka 20. Palibe wa 19, palibe wa 21. Ndimafuna kudziwa ngati anthu a ku Bangwe amaphunzitsidwa kupuma pamodzi ngati kwaya."

Holo inaseka. Bambo Namaona anamwa madzi.

"Lachiwiri: kodi mukudziwa kuti chaka chatha, mu Okutobala, malangizo a akatswiri anasinthanso? Akuti zizindikiro zitatuzi zisagwiritsidwe ntchito pazokha posaka odwala, chifukwa zimaphonya ambiri. Kafukufuku wanu anayamba miyezi itatu chitulukireni malangizowo."

"Ku maphunziro athu sanatiuze zimenezo," anatero bambo Namaona.

"Mwina wophunzitsayo nayenso anali asanapite ku maphunziro," anatero wina, ndipo kusekako kunafika mpaka kwa operekera tiyi.

Wapampando, munthu wachifundo, anathokoza wokamba nkhani chifukwa cha khama lake, naitana wotsatira. Pa nthawi ya nkhomaliro bambo Namaona anadya okha, ndipo suti ija inayamba kuwathina m'khwapa.

Anakwera basi yobwerera ku Blantyre m'mawa mwake. Mpaka pa Dedza anali atatsamiritsa mutu pagalasi, akuganiza za chaka ndi theka chimene chinapita, za digiri, za mphunzitsi wawo amene anali m'holo muja ndipo sanawapatse moni potuluka. Pa Ntcheu anagula mbatata yokazinga, koma inawakanika. Basi itadutsa pa Zalewa anadzidzimuka ngati walumidwa ndi nyerere, natulutsa laputopu, naiika pamaondo.

Ngati dziko tsopano likunena kuti zizindikiro zitatuzi zimaphonya odwala, ndani m'Malawi muno ali ndi umboni woposa wawo? Miyezi isanu ndi umodzi ya kuphonya, yolembedwa bwino, tsiku ndi tsiku! Anafufuta mutu wakale, nalemba watsopano: kuopsa kodalira zizindikiro zitatu, phunziro lochokera ku Bangwe. Mzere wa achibale a wofufuza anauchotsa. Apongozi anabwerera m'kafukufuku, ndipo ulendo uno anakhala pa tsamba loyamba, monga mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi amene akanamwalira gulu lotsogozedwa ndi wofufuzayo likanapanda kukhala tcheru. Chimene chinkasowa chinali chithunzi chokha, pakuti anaona kumsonkhano kuja kuti okamba onse amene anaomberedwa m'manja kwambiri anali ndi zithunzi.

Anaimba foni. Inaitana nthawi yaitali.

"Mwayenda bwanji?" anatero a Angela, ndi mawu a munthu wofunsa mlendo.

"Bwino kwambiri, mayi a Alinane. Zinthu zatseguka. Amayi ali bwanji?"

"Ayamba kuyenda ndi ndodo."

"Tithokoze Mulungu. Tsono tamverani. Mwendo uja, chilonda chisanapole kwenikweni, mungaujambule ndi foni? Pafupi, poyera bwino. Nkhope isaoneke. Ndi za sayansi."

Bambo Namaona anamva nkhuku, ndi mawu a akazi awo akufotokozera munthu wina chapatali, kenaka mawu a nkhalamba, osamveka bwino koma osapumira pakati.

"Akuti bwerani mudzajambule nokha," anatero a Angela. "Akuti mwendowo munaukana uli wotupa, mwina mudzaulimba mtima tsopano. Ndipo akuti pobwera mutenge ankhoswe anu, pali nkhani ina yoti ikambidwe."

Foni inaduka. Bambo Namaona anaiyang'ana kanthawi, kenaka anaibweza m'thumba la suti. Basi inali ikuyandikira ku Lunzu, ndipo batire ya laputopu inali itatsala pang'ono kutha, choncho anafulumira kusunga zimene analemba.